Chimene Mpunga Umadya Pansi pa Madzi

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Chimene ndikukumbuka ndi madzi, ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa kamene ndinayenda nako m'thumba la malaya mpaka mutu wanga unachita imvi.

Kwathu kunali kudambo, ndipo tinali ndi mpunga wathuwathu wa mankhusu ofiira, umene amayi analandira kwa amayi awo. Kumeneko mbewu imayenda ndi akazi. Mwamuna amalima, amakumba ngalande, amapuntha, koma nazale ndi ya mkazi, ndipo ndi iye amene amanena tsiku lofesa ndi tsiku lowokera. Amayi atamwalira, mbewu inatsala m'manja mwa achemwali anga a Zelesi. Ine ndinali mlongo wawo wamng'ono, munthu wa manja oyabwa, wosatha kuona chinthu chili phee osachigwira.

Chaka chimenecho achemwali anali oyembekezera. Anafesa nazale, ndipo mbande zitangotalika ngati chala, nthawi yawo yokadikirira kuchipatala inakwana. Alamu anali kutali kuntchito, motero nazale inagwera ine.

"Madzi akabwera, usakhudze," anatero atasenza kale mtolo wawo. "Ngakhale zioneke ngati zafa, usakhudze. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

Madzi anabweradi. Anamiza dambo lonse, kungotsala chulu chimene chinali m'mphepete mwa munda wathu. Anakhala masiku khumi ndi limodzi. Ataphwa, ndinapeza mbande zitagona m'matope, zotuwa, zonunkha chivundi. Anansi onse amene anafesa mbewu ya kusitolo anali kuzula zawo ndi kufesanso, ndipo mmodzi anandigawirako mbale ya mbewu yake. Ndinayang'ana mbande zathu tsiku limodzi lokha. Mawa lake ndinazizula zonse, ndinazimanga mtolo, n'kukaziponya m'ngalande ya kuseri kwa chulu. Ndinafesa mbewu ya kusitolo ija, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, ndikudziona kuti ndine mlongo wanzeru.

Achemwali anabwera ndi khanda lalikazi kumsana. Asanalowe n'komwe m'nyumba anapita kumunda. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana timasamba tachilendo tija.

"Mbande zanga zili kuti?"

"Zinafa, achemwali. Ndinazula."

"Sizinafe," anatero. "Zinangogona."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ankandiikira chakudya pakhonde osanena kanthu. Ndinapirira masiku angapo, kenako m'mawa wina ndinalowa m'chipinda mwawo iwo ali kumadzi. Kudenga kunali kabotolo kaja ka mankhwala a chifuwa, kokhala ndi mbewu yotsiriza ya amayi, yodzaza dzanja limodzi, imene ankasungira chaka choipa. Ndinakatenga. Ndinadziuza kuti ndikafuna malo amene madzi sasefukira, ndikachulukitse mbewuyo, ndidzabwere nayo m'matumba. Koma ndisaname, ndinkafunanso kupeza munthu wondiuza kuti achemwali analakwitsa, kuti palibe chamoyo chimene chingathe masiku khumi ndi limodzi osapuma.

Ndinayenda cholowera kumtunda mpaka nthaka inasanduka miyala. Ndinafika pamudzi wa m'mapiri, wa nyumba zotalikirana, pamene munthu aliyense ankanunkha utsi. Bambo wina wowotcha makala, a Sikelo, anandilandira. Anali munthu wa nsidze zopserera, wosakonda kulankhula asanamalize kutafuna chimene akutafuna.

"M'kabotolomo muli chiyani?" anandifunsa tsiku loyamba.

"Mpunga wa amayi."

Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Kanalira ngati mvula yoyamba pa malata. "Kuno mpunga sumera," anatero, n'kundibwezera.

Anandiphunzitsa kusanja mitengo, kuiphimba ndi udzu, kukwirira ndi dothi, n'kusiya timabowo tochepa m'munsi. Tikayatsa, uvuni unkangokhala ngati manda atsopano, kautsi kakutuluka pang'onopang'ono. Ine mtima sunkandikhala. Tsiku lina utsi utachepa ndinati moto wazima, ndipo a Sikelo ali kumsika ndinafukula mbali imodzi kuti ndione. Mpweya utangolowa, uvuni wonse unalilima. Pamene ankabwera anapeza phulusa lokhalokha, ntchito ya milungu itatu.

Anakhala pa tsinde la mtengo n'kundiyang'ana. "Unaona ngati wazima?"

"Eya, bambo."

"Moto wokwiriridwa suthamanga. Umadya pang'ono kuti ufike. Iwe vuto lako ndi manjawo."

Ndinawafunsa ngati chamoyo chingachite chimodzimodzi pansi pa madzi. Anati iwo amadziwa za mitengo yakufa yokha. Ndinakhala nawo dzinja kangapo. Ndinaona kuti matumba onse a makala ankatsika kutawuni, koma m'nyumba mwawo sankaphikira khala lalikulu ngakhale limodzi. Akazi awo ankapita pamalo pamene tafukula uvuni, n'kumatola tizinyenyeswa totsalira m'dothi, ndipo banja lonse linkadya chifukwa cha timeneto. Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu. Mitengo itatha paphiripo, a Sikelo anasamuka, inenso ndinatsika.

Ndinadutsa midzi imene sindingathe kuisiyanitsa. Kwina ndinaumba njerwa, kwina ndinasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango. Paliponse ndinkagwada n'kufinya dothi m'manja. Kwina linali louma kwambiri, kwina lonyowa kwambiri, ndipo kabotolo kankabwerera m'thumba kosatsegula.

Kenako ndinafika m'tawuni ya m'chigwa chotentha, yozunguliridwa ndi nzimbe kumene maso angafike. Pakati pake panali fakitale ya shuga. Anandipatsa fosholo n'kundiika pa ng'anjo. Ndinkayesa kuti tiziponyamo nkhuni kapena malasha, koma ayi. Nzimbe zikafinyidwa m'zigayo, zinyalala zake zouma zinkabwera kwa ife, ndipo n'zimene tinkasonkhezera moto. Motowo unkawiritsa madzi, nthunzi yake n'kumayendetsa zigayo zomwe zija.

"Shuga sadzitulutsa yekha," kapitawo wathu ankakonda kutero. "Amafuna moto, ndipo moto wake uli m'zimene mukanataya."

M'tawuni imeneyo ndinadziwana ndi Lonesi, mayi wa dimba la m'mphepete mwa mtsinje, woseka ndi thupi lonse. Tinakhala m'nyumba imodzi, ndipo kunena zoona ndinamukonda kwambiri.

"M'kabotolomo muli chiyani?" anafunsa akuchapa malaya anga.

"Mpunga wa amayi."

Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Kanalira ngati mchenga m'chitini. "Kumunsi kwa dimba langa kuli chinyontho," anatero. "Tikafese mawa."

Ndinapita kukaona. Malowo anali abwino, dothi lakuda lomata, koma pa thunthu la mtengo wa m'mbali ndinaona mzere wa matope umene madzi anasiya chaka china. Ndinati tidikire chaka chamawa. Chaka chamawa ndinatinso chimodzimodzi. Sindikudziwa kuti ndinanena kangati. Tsiku lina ndikuchokera ku ng'anjo ndinapeza zovala zanga zitapindidwa bwinobwino pakhonde, kabotolo kali pamwamba.

"Bambo," anatero Lonesi ali pakhomo, osaseka, "m'kabotolomo mukusunga mpunga kapena mantha? Ine ndatopa kukhala pamitala ndi botolo."

Ndinatenga zovala zanga ndi kabotolo n'kuchoka. Ndinalira panjira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Patapita nthawi ina, yaitali kapena yaifupi, ndinapezeka m'tawuni yozizira ya misewu ya mitengo. Kumapeto kwake kunali malo ofufuzira za mbewu, nyumba zazitali zoyera ndi timinda ting'onoting'ono tokhala ndi zikwangwani. Ankafuna munthu wotsuka mabotolo agalasi. Manja anga, amene anawononga zambiri, anapezeka kuti pa ntchito imeneyi ndi odekha.

Mwini chipinda chimene ndinkatsukamo anali Mayi Kamtedza, mayi wamfupi wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, amene ankalankhula ndi mbewu zake ngati ana osamva. M'chipindamo munali mabeseni akuluakulu agalasi, ndipo m'kati mwake munali mbande za mpunga zomizidwa dala m'madzi. Ndinkazizonda m'mawa uliwonse. Tsiku lakhumi ndi chiwiri anachotsa madzi, ndipo mbande zinagona zotuwa, chimodzimodzi zija ndinazula. Ndinatenga ndowa kuti ndikataye.

"Musakhudze, bambo," anatero osatembenuka.

Ndinaika ndowa pansi. Patatha masiku anayi, m'mabeseni ena munali chivundi chokhachokha, koma m'mabeseni awiri timasamba tobiriwira tinatuluka pakati pa zotuwa zija. Ndinaima pamenepo mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinawafotokozera zonse, za achemwali, za chulu, za mtolo umene ndinaponya m'ngalande. Kenako ndinafunsa funso limene ndinayenda nalo zaka zonsezo.

"Mayi, pansi pa madzi palibe mpweya. Nanga mpungawu umadya chiyani?"

Anakoka mpando n'kundiuza kuti ndikhale. Anati thupi la mbewu, ngati la munthu, linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo chakudya cha selo lililonse ndi shuga. Koma shuga ali ngati nkhuni, sayaka yekha. Kuti selo limuphwanye n'kupezamo mphamvu, liyenera kuyamba lawonongapo mphamvu ina yoyatsira. Khala loyatsiralo iwo amalitcha ATP, ndipo limanyamula tizidutswa titatu ta fosifeti, yemwe uja amapezeka mu feteleza wokulitsa. Mpweya ukakhalapo, selo limapanga makala amenewa ambirimbiri. Mpweya ukasowa, limapanga ochepa kwambiri, osakwanira kuyatsira shuga ndi kugwira ntchito zina zonse. Mbewu zambiri zimafa chomwecho, shuga zili naye.

"Tsono mvetserani apa," anatero akukonza magalasi. "Selo likamamanga chinthu, kaya khoma lake, kaya zina za m'kati mwake, nthawi zambiri limathyola pa khala lija tizidutswa tiwiri togwirana, n'kutisiya. Timeneto timatitcha payirofosifeti."

Ndinayesa kutchula, lilime linakana. Anaseka n'kunena kuti ndizingoti timapasa.

"M'thupi mwanu ndi mwanga, timapasato sitikhalitsa. Selo limatidula pakati nthawi yomweyo kuti ntchito imene yagwiridwa isabwerere m'mbuyo, ndipo kamphamvu kamene kanali pakati pawo kamangotayika ngati kutentha. Koma mbewu sizitaya tonse. Zimasungako. Ndiye madzi akamiza mpunga, umasiya njira yodya makala akuluakulu, n'kutsegula njira ina imene timapasa tomwe tija ndi timene timayatsa shuga. Makala ochepa amene alipo amasungidwira zofunika zokhazokha."

"Ndiye umakhala ndi moyo ndi zotola pamalo pa uvuni," ndinatero.

Sanamve chimene ndinkatanthauza, ndipo ndinawauza za akazi a a Sikelo. Anagwedeza mutu movomereza. Anati si nkhani yonse, pali zambiri zimene iwo eni sanazimvetse. Mitundu ina ya mpunga imati ikamizidwa imathamangira kutalika kuti ipeze mpweya, n'kumaliza shuga yense panjira. Ina imangoleka kukula, n'kudikira. Yoteroyo imaoneka yakufa.

"Achemwali anu ananena zoona," anatero. "Sanafunike mabeseni angawa kuti adziwe."

Ndinayenda zaka zonsezo kufuna wondiuza kuti analakwitsa. Koma atanena mawu amenewa ndinamva kupepukidwa, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Ndinatulutsa kabotolo.

"M'menemo muli chiyani?"

"Mpunga wa amayi. Womwe uja."

Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Ine sindinamve kulira kulikonse. Anandifunsa kuti ndakhala nako zaka zingati, kenako anangoyang'ana imvi zanga. Anatenga njere makumi awiri n'kuziyala pa pepala lonyowa m'kambale kagalasi. Ndinadikira sabata, osakhudza. Ndinadikira sabata yachiwiri. Njere zinafufuma, zinachita nkhungu, koma palibe imene inatulutsa muzu. Anayesanso zina makumi awiri, ndipo zinachita chimodzimodzi.

"Pepani, bambo," anatero. "Mbewu nayo imapuma pang'onopang'ono ili m'botolo, ndipo m'thumba lotentha siikhalitsa. Iyi inatha kalekale."

Motero mpunga wa amayi ndinaupha kawiri, koyamba chifukwa chofulumira, kachiwiri chifukwa chochedwa. Mayi Kamtedza anandiuza kuti ndikhoza kukhalabe pantchito mpaka ukalamba. Ndinathokoza, ndinatsuka mabotolo a tsiku limenelo, n'kuwasanzika bwino. Ndinalibe matumba a mbewu amene ndinadzilonjeza, koma ndinali ndi mawu awiri oti ndikanene kwa achemwali, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndikawanena ndi pakamwa panga iwo akali moyo.

Ulendo wobwerera unadutsa malo omwe aja. Fakitale inali kufuka utsi, koma pa dimba la Lonesi panali nyumba ya njerwa ya anthu ena. Paphiri la a Sikelo panali timitengo tatsopano tofika m'chiuno. Sindinaime paliponse.

Ndinafika kudambo mitambo ya mvula itayamba kusonkhana. Nyumba zinali zina, njira zinali zina, koma chulu chinali pomwe paja. Pakhonde la nyumba yathu panakhala mayi wokalamba akupeta mpunga m'lichero, ndipo pambali pake panali mayi wachitsikana woyembekezera. Ndinayandikira. Mankhusu amene ankauluka m'licheromo anali ofiira.

Ndinagwada pabwalo. "Achemwali, ndine."

Anandiyang'ana, lichero lili m'manja. "Wakalamba," anatero.

"Munanena zoona. Sizinafe. Zinangogona."

"Unachita kupita kuti kuti ukamve zimenezo?"

Ndinatulutsa kabotolo n'kukaika patsogolo pawo. Ndinawauza kuti ndinakaba, ndipo mbewu yake inafera m'thumba mwanga. Sanakagwedeze. Anangokatembenuza m'manja, kenako anandilozera mpunga wa m'lichero.

"Tsiku limene unachoka ndinapita kuseri kwa chulu kukalira, kuti mwanayu asandimve," anatero. "Ndinapeza mtolo wako uja m'ngalande. Za pamwamba zinauma, koma za pansi zinagwira matope, zitatulutsa timasamba. Ndinawokera zimene zinatsala, sizinakwane n'komwe mzere umodzi. Ndinathamangira kunyumba kuti ndikuuze. Ndinapeza wapita, ndi botolo lomwe."



"Ndinakukwiyira chifukwa cha mbande sabata imodzi," anapitiriza. "Zaka zina zonsezi ndakukwiyira chifukwa chochoka. Uyu ndi Siyeni, amene unamusiya kumsana. Siyeni, apatse moni amalume ako othawa."

Siyeni anagwada n'kundipatsa moni, akubisa kuseka. Achemwali anatsegula kabotolo, n'kundiuza kuti ndikathire njerezo m'matope a nazale, ziwolere momwemo, zidyetse zinzake. Ndinakathira. Kabotolo anakatsuka n'kuikamo mchere.

Ndinawafotokozera za timapasa, mmene mpunga umatolera zimene zikanatayika n'kuyatsira chakudya chake pansi pa madzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti amayi ankangoti mpunga wathu umadziwa kudya pang'ono. Tinalima limodzi. Anafesa nazale ndi dzanja lawo, ine nditaima kumbali monga mwamuna ayenera. Mbande zitatalika ngati chala, nthawi ya Siyeni inakwana, ndipo achemwali anamanga mtolo kuti amuperekeze kukadikirira kuchipatala. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumanja.

"Madzi akabwera..."

"Ndamva, achemwali."

"Unateronso tsiku lija."

Madzi anabwera patatha masiku atatu. Anamiza dambo lonse, kungotsala chulu. M'mawa uliwonse ndinkawoloka madzi ofika m'chiuno n'kukakhala pamwamba pake, ndikuyang'ana pamene panali nazale. Pamwamba sipankaoneka kanthu, koma ndinkadziwa chimene chikuchitika pansipo, m'tizipinda tosaoneka tija. Nthawi imeneyi madzi anakhala masiku khumi ndi atatu.

Ataphwa, mbande zinagona m'matope, zotuwa, zonunkha chivundi. Anansi anali kuzula zawo. Bambo wina wa munda woyandikana nawo anabwera ndi mbale ya mbewu ya kusitolo.

"Akulu, zapita izi. Zulani mufese, mvula ikadalipo."

"Zikomo, achimwene. Ndidikira."

"Mudikira chiyani? Simukumva fungoli?"

Ndinkalimva. Manja anayamba kuyabwa monga kale, ndipo mtima unayamba kundiuza kuti mwina masiku khumi ndi atatu achuluka, mwina chaka chino zafadi, mwina ndingozula imodzi yokha ndione muzu. Ndinakwera pachulu n'kukhalira manja anga onse awiri. Ana odutsa ankandiseka, ndipo sindinawadzudzule, chifukwa mdala wokhalira manja ake pachulu ndi woseketsadi.

Ndinakhala choncho tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Tsiku lachinayi sindinaone kanthu. Lachisanu m'mawa ndinamva mapazi m'matope kumbuyo kwanga. Anali achemwali, atabwera okha kudzatenga ufa, chifukwa Siyeni anali atachira, mwana wamkazi. Sanandipatse moni. Anapita molunjika ku nazale, anawerama, n'kupukuta matope pa mbande imodzi ndi chala. Pakati pa masamba otuwa panali kansonga kobiriwira, kochepa ngati singano. Anayang'ana mzere wonse, ndipo sanapeze dzenje ngakhale limodzi la mbande yozulidwa.

Anaweramuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno.

"Tsika pachulupo," anatero. "Manjawo tiwafuna powokera."